MASIPIRING'I ATSOPANO NDI MAIMIDWE A MAGUDUMU

Awa ndi mau amene mmisiri wina wokonza magalimoto analankhula kwa alimi a kuno kum'mawa, atasonkhana kuti apangane za kutumiza zokolola zao ku msika.

Ine sindine mlangizi wa malimidwe. Za mbeu ndi za feteleza mudziwa ndinu kuposa ine. Nchito yanga ndi yogona cagada pansi pa galimoto. Koma cimanga cikacoka m'nkhokwe siciuluka ai, cimapita ku msika pa magudumu, ndipo pamenepo ndi pamene nchito yanu ikomana ndi yanga.

Caka ciri conse, mvula ikangoleka, eni mavaneti amayamba kufika kwa ife ndi pempho limodzi: galimoto yanga imakhala pansi ndikaisenzetsa matumba, ndiikireni masipiring'i olimba. Pempho limeneli si loipa. Miseu ya kumidzi mukuidziwa nokha m'mene imakhalira dzinja likapita. Masipiring'i amene galimoto inabadwa nao amatopa, ndipo a ku fakitale yace yeniyeni ndi okwera mtengo, cotero munthu amagula a m'sitolo, opangidwa ndi makampani ena. Ena mwa amenewa ndi abwino ndithu, ena aposa ndi oyamba omwe. Koma pali cinthu cimene ogulitsa ambiri sanena, ndipo ndico ndadzera lero. Mukasintha zitsulo zimene zinyamula galimoto, mwasinthanso maimidwe a magudumu ace. Ndipo tizitsulo tobwezera magudumuwo m'malo mwace sitilowa pa galimoto iri yonse. Timasankhidwa molingana ndi mapangidwe a galimotoyo, ndiponso molingana ndi msinkhu umene mwaikweza.

Ndiyambe ndi mlimi wina amene sindimchula dzina, pakuti kapena ali ndi abale pano. Caka cina anagulitsa bwino soya wace. Anapita m'tauni nagula masipiring'i, ma shock, ndi tizitsulo tokwezera kutsogolo kwa Hilux yace, ndipo mphwace, mnyamata wodziwako kugwira sipanala, anamuikira zonsezo pansi pa mtengo wa mango. Anagulanso matayala awiri atsopano. Galimoto inaima moongoka ngati tambala pa culu, ndipo mudzi wonse unayamikira. Isanathe miyezi iwiri bamboyo anafika kwa ine ali wokwiya, nati anthu a m'tauni amgulitsa matayala acinyengo. Poyang'ana kunja matayalawo anali ngati atsopano. Koma nditapisa dzanja ku mbali ya m'kati, waya anandibaya cala. Mphira yense wa mbali imeneyo anali atatha. Matayala analibe mlandu konse.

Kuti mumvetse cimene cinacitika, muyenera kudziwa kuti gudumu la kutsogolo liri ndi maimidwe atatu, ndipo amisiri timawachula ndi maina a Cingerezi popeza ndi amene alembedwa m'mabuku ndi pa makina opimira.

Oyamba ndi toe. Yang'anani mapazi a munthu poyenda: wina zala zace ziloza m'kati, wina ziloza kunja ngati bakha. Magudumu awiri a kutsogolo ayenera kuloza kumodzi, kapena kuyang'anana pang'ono pokha monga wopanga galimoto analembera. Aciwiri ndi camber, ndiko kupendekeka kwa gudumu mukaliyang'ana muli kutsogolo kwa galimoto. Mutu wace ukhoza kugwera m'kati kapena kunja, monga miyendo ya matewe. Acitatu ndi caster, ndipo amenewa saoneka ndi maso, koma ali yense wa njinga awadziwa. Foloko ya njinga siiima ciriri, inapendekera kumbuyo, ndipo ndico cifukwa cace anyamata amakhoza kupalasa osagwira mahandulo. Njinga ikagunda citsa foloko nkubwerera m'kati, imayamba kugwedezeka ndi kukana kuongoka. Galimoto iri cimodzimodzi: caster akacepa, imayendayenda mu mseu ngati mbuzi yosowa mbusa, ndipo mukatha kukhota ciongolero sicibwerera cokha pakati.

Mwa atatuwa, wakudya matayala msanga ndi toe. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tayala la vaneti, kucokera m'mphepete mwace mwa kutsogolo kufikira mwa kumbuyo, liri ngati mamilimita 750. Tinene kuti mwapima mpata wa pakati pa matayala awiri a kutsogolo, poyamba ca kutsogolo kwace, kenaka ca kumbuyo kwace, ndipo miyeso iwiriyo yasiyana mamilimita 6. Kumeneku ndi kucepa kosafika ndi kunenepa kwa pensulo ya mwana wa sukulu. Komabe kusiyana kotere kutanthauza kuti pa kilomita iri yonse tayala liri lonse likhala monga lakhwekhwerezedwa cammbali mamita 4. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita ngati 570. Pofika m'Lusaka tayala lanu lakhuzidwa pa phula, monga mpeni pa mwala wonolera, mtunda wopitirira makilomita 2. Ndiye mubwererenso. Mukafuna kudziwa ngati zimenezi zirinkucitika pa galimoto yanu, sisitani tayala ndi cikhato mopingasa. Likakhala losalala popita koma lakuthwa pobwera, ngati mano a sowo, ameneyo ndi toe. Likatha mosalala mbali imodzi yokha, kaikirani camber.

Tsono nanga kukweza galimoto kuononga bwanji maimidwe amenewa? Tambasulani mkono wanu cammbali, kenaka muutsitse pang'onopang'ono. Muona kuti zala sizitsika molunjika, zimabwera cifupi ndi thupi, ndipo cikhato cimapendekeka. Pa mavaneti ambiri a masiku ano gudumu liri lonse la kutsogolo ligwidwa ndi mikono iwiri ya citsulo, wapamwamba ndi wapansi, ndipo iyenda monga mkono wanuwo. Mukakweza thupi la galimoto mikonoyo imalendewera, gudumu lipendekeka, ndipo ndodo yocokera ku ciongolero, imene iri ndi utali wacewace, imalikoka kapena kulikankha. Maimidwe onse atatu asuntha nthawi imodzi, ngakhale simunakhudze nati ya ciongolero ndi imodzi yomwe.

Apa ndi pamene nkhani ya kugwirizana kwa zitsulo iyambira, ndipo ndipempha kuti mumvetsere bwino, cifukwa dzina la galimoto palokha silithandiza. Munthu amalowa m'sitolo nati, ndipatseni za Hilux. Koma Hilux inayamba kupangidwa m'caka ca 1968, ndipo kutsogolo kwace kwasinthidwa kangapo. Hilux yokoka ndi magudumu onse anai ya nambala LN106, imene inapangidwa kufikira 1997, iri ndi ekiselo imodzi yamphumphu yogona pa masipiring'i a masamba. Zotsatira zace zinali ndi mikono ija, ndipo kulemera kunanyamulidwa ndi ndodo yopotoka yochedwa torsion bar. Kuyambira 2005, pa zonga KUN26, sipiring'i ndi yozungulira ndipo ikhala pa shock penipeni. Dzina ndi limodzi, koma kacitsulo kokonzera imodzi sikapeza ndi polowa pomwe pa inzace. Cotero musanapite ku sitolo lembani nambala ya chassis, imene iri pa kambale kokhomedwa pa galimoto ndiponso m'buku lace lija mumati white book. Galimoto zambiri zathu zinabwera zogwirapo kale nchito kucokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde, zina zinacokera ku South Africa, ndipo nthawi zina ziwiri zooneka zofanana zisiyana pansi.

Nditenge ya 2005 ndi zotsatira zace, pakuti ndi imene mlimi uja anali nayo. Pa mkono wapansi wa mbali iri yonse pali mabauti awiri okhala ndi mawashala a boo la pambali. Mukazunguza bauti wotere amakankhira mkono kunja kapena kuukokera m'kati, ndipo ndi m'mene timakonzera camber ndi caster. Koma kukankha kwace kuli ndi malire. Galimoto ikakwezedwa mamilimita 40 kapena 50, kawirikawiri mabautiwo amakwanitsa kubweza magudumu pafupi ndi pamene ayenera kukhala. Mukapitirira pamenepo amathera panjira: mukapeza camber mwataya caster, mukapeza caster mwataya camber. Pamenepo mankhwala ace si bauti wina, koma mikono yapamwamba yatsopano, yopangidwira galimoto yokwezedwa, ndipo mtengo wace ukhoza kufika pa mtengo wa masipiring'i omwe. Wogulitsa amene akuuzani za kukwera kwa galimoto osakuuzani za mikono imeneyi wakuuzani theka la mtengo. Ndipo mikonoyo nayonso iri ndi zace: ina ndi yonenepa, kotero kuti tayala lalikulu limaikhula pokhota. Muyese ndi matayala amene muli nao.

Pali msampha wina pamenepa umene unakola mlimi wathu uja. Popeza sipiring'i ikhala pa shock, ndipo shock imangidwa capakati pa mkono, osati ku mapeto kumene kuli gudumu, kanthu kakang'ono koikidwa pamenepo kamakweza galimoto pafupifupi kawiri. Kacitsulo konenepa mamilimita 25 kamakweza mamilimita ofika ca ku 45 kapena 50. Bamboyo anagula masipiring'i okweza kale okha, naonjezanso kacitsuloko pamwamba, poganiza kuti nkakang'ono. Za kampani ina, za kampani ina, zonse pa gudumu limodzi, ndipo palibe anawerengera kuti pamodzi zikweza motani. Ine ndimalangiza kuti sipiring'i ndi shock zikhale za wopanga mmodzi, amene analemba pa pepala kuti ziwirizi pamodzi zikweza mamilimita akuti pa galimoto yakuti. Zopakidwa utoto wowala koma zopanda pepala lotere muzisiye pa shelefu. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Za torsion bar ndinene mwacidule. Ziri pa Hilux za pakati pa 1997 ndi 2005, pa Nissan Hardbody, ndi pa Isuzu KB zakale. Anyamata amazikonda cifukwa galimoto imakwera mwaulere, pongomangitsa bauti mmodzi mbali iri yonse. Koma mukamangitsa kwambiri gudumu lisowa mpata wotsikira m'dzenje, galimoto iyamba kugunda ngati ngolo, ndipo ma ball joint amatha msanga. Pokonza maimidwe, zina za mtundu umenewu ziri ndi mabauti ozunguza aja, zina zifuna timapale ta citsulo tolowetsa kuseri kwa mkono wapamwamba. Suzumirani pansi muone cimene yanu iri naco musanaturutse ndalama.

Tsopano za ekiselo yamphumphu, zonga Hilux yakale ija ndi Land Cruiser imene mumaiona ndi a zipatala ndi a mafamu akuru. Pa zimenezi camber sakonzedwa ndi sipanala. Mukaona gudumu lapendekeka, ndiye kuti ma bearing atha kapena ekiselo inapindika, ndipo wokugulitsani bauti wa camber pa galimoto yotere akudyerani ndalama cabe. Toe akonzedwa pa ndodo yolumikiza magudumu awiri. Cimene cimatayika mukakweza ndi caster, pakuti ekiselo yonse imagudubuka pang'ono. Ikakhala ya masipiring'i a masamba, monga HZJ75, timalowetsa kamphero ka citsulo pakati pa sipiring'i ndi ekiselo, kofanana ndi mphero yong'ambira nkhuni. Kamakhala kolembedwa madigiri ace, monga 2 kapena 3, ndipo m'lifupi mwace muyenera kulingana ndi m'lifupi mwa tsamba la sipiring'i. Kakhale ka citsulo ceniceni. Tofewa toyera tija timasweka pa mseu wa miyala, mabauti nkukhwepa. Ndiponso kakhoza kulowa mbali zonse ziwiri, ndiye mukakatembenuza mwaonjeza colakwa comwe munafuna kucotsa. Koma kuyambira 1999, pa HZJ79 ndi zinzace, kutsogolo kuli masipiring'i ozungulira, ndipo ekiselo igwidwa ndi mikono iwiri yaitali yocokera kumbuyo. Pamenepo kamphero kalibe polowa. Timaika mabushi a boo la pambali m'mikonomo. Palinso ndodo yopingasa imene iletsa ekiselo kupita cammbali. Galimoto ikakwera kwambiri ndodoyo imakokera ekiselo mbali imodzi, gudumu lina nkuturuka kunja, lina nkubisala m'kati, ndipo pafunika ndodo yokhoza kutalikitsidwa.

Ena a inu muli ndi ana oyendetsa timagalimoto tating'ono tonga Corolla, tonyamula anthu ndi katundu pakati pa midzi ndi Katete kapena Petauke, ndipo natonso mumatikweza kuti tisakhule mimba pansi. Pa timeneti shock ndi sipiring'i ziri mwendo umodzi womangidwa ku gudumu ndi mabauti awiri. Bauti wa camber amalowa m'malo mwa wapamwamba. Thupi lace ndi locepa kuposa boo, ndipo liri ndi kanundu kamene kamakankha gudumu mukamzunguza. Alipo a maboo osiyanasiyana, kuyambira mamilimita 12 kufikira 17. Wocepa pa boo lalikuru amasewera m'kati, ndipo gudumu lisintha maimidwe pa dzenje loyamba. Popeza ndi woonda kuposa bauti woyamba, amangidwe ndi mphamvu imene yalembedwa pa pepala lace, osati ndi paipi yaitali ndi phazi. Bauti ameneyu ndi amene agwira gudumu. Akaduka pa liwiro, si nkhani ya matayala ai, ndi nkhani ya maliro. Miyendo ina ya m'sitolo imabwera ndi boo lotalikitsidwa kale kuti gudumu lizisunthika. Yoteroyo siifunanso bauti wa camber.

Tabwerani kumbuyo kwa vaneti, kumene kukhala matumba. Kuno ambiri amaonjeza tsamba limodzi kapena awiri, ndipo amayesa kuti kumbuyo kulibe maimidwe. Alipo. Masamba onse amangidwa pamodzi ndi bauti wapakati, ndipo mutu wa bautiyo umalowa m'kaboo ka pa ekiselo. Ndi umenewo umene uletsa ekiselo kusuntha. Mukaonjeza tsamba mufuna bauti wapakati wautali, wa mutu wodzaza kabooko bwino lomwe, ndiponso mabauti opinda aja okumbatira ekiselo akhale atsopano ndi otalika mokwanira. Akale anatanuka kale, sagwiranso monga poyamba. Mutu wa bauti ukacepa kapena ukaduka, ekiselo imasunthira kumbuyo mbali imodzi, ndipo galimoto iyenda cammbali ngati nkhanu. Woyendetsa sadziwa, amangodabwa kuti ciongolero cakhota. Amene aona ndi wa njinga wotsatira pambuyo. Galimoto yotere mungaipime kutsogolo kakhumi, siidzaongoka. Pimani ndi cingwe kucokera pakati pa gudumu la kutsogolo kufikira pakati pa la kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, magudumu a kutsogolo ataongoka. Miyeso iwiriyo iyenera kulingana.

Sipiring'i ya masamba yocokera ku galimoto ina, ngakhale utali wace ufanane ndi yanu, muipime kucokera pa diso la kutsogolo kufikira pa bauti wapakati, cifukwa pa zambiri bautiyo sakhala pakati penipeni. Ndipo masipiring'i asinthidwa awiriawiri. Kusintha mbali imodzi kuli ngati kumanga ng'ombe yaikuru ndi mwana wa ng'ombe m'goli limodzi.

Pali kanthu kena kumbuyo kumene ambiri amakaiwala. Mavaneti akale ambiri ali ndi kavavu ka mabuleki kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Nchito yace ndi kumva kulemera: galimoto ikakhala pansi ndi katundu, kamapatsa mabuleki a kumbuyo mphamvu yambiri, ikakhala yopanda kanthu, kamacepetsa. Mukakweza kumbuyo osasunthanso kandodoko, kavavuko kamayesa kuti galimoto iri yopanda kanthu ngakhale mwasenza matumba khumi. Mudzazindikira pa citsetso ca ku Luangwa, ndipo kumeneko si malo ophunzirirako. Onaninso mapaipi a mphira a mabuleki kuti sakokeka gudumu likalendewera, ndi kuti ma shock atalika molingana ndi masipiring'i atsopanowo. Shock yaifupi imazuka makutu, yaitali imagunda pansi pace nkuphulika mafuta.

Nchito yonseyi iri ndi dongosolo lace, ndipo wolumpha coyamba amalipira kawiri. Musanamasule ciri conse, imikani galimoto pamalo olingana, mupime kucokera pakati pa gudumu kufikira m'mphepete mwa bodi pamwamba pace, magudumu onse anai, ndi kulemba m'kabuku. Mukatha kuika zatsopano mupimenso. Pamenepo mudzadziwa kuti yakwera motani, osati mongoganiza, ndipo ndi nambala imeneyo imene muyenera kupita nayo kogula tizitsulo tokonzera. Kenaka kwezani gudumu ndi jeke, muligwedeze ndi manja. Likagogoda, yambani mwasintha ma ball joint, mitu ya ndodo za ciongolero, mabushi kapena ma bearing. Kupima gudumu logwedera ndi kutaya ndalama, pakuti lidzasuntha musanaturuke pa geti. Mabauti a m'mabushi a mphira amangitsidwa galimoto itatsitsidwa, itaima pa magudumu ace. Mukamangitsa iri m'mwamba mphirayo amakhala wopotoka masiku onse ndipo ang'ambika msanga. Mpweya m'matayala ukhale wolingana.

Zikatha izi pitani ku makina opimira m'tauni, ndipo muuze mmisiri kuti galimoto inakwezedwa ndi mamilimita akuti. Ngati masiku onse imayenda ndi katundu wina wosatsika, monga zitsulo zochingira ng'ombe kapena thanki, akhale pomwepo popima. Pemphani pepala loonetsa manambala a poyamba ndi a pomariza. Amisiri ena, ndinena ndi manyazi popeza ndi anzanga a nchito, amangokonza toe, imene iri yapafupi, nasiya zina ziwiri osanena kanthu. Pepala ndi limene lidzakuuzani. Musadandaule galimoto ikamatsetserekera kumanzere pang'onopang'ono mukasiya ciongolero. Ife tiyenda kumanzere, ndipo mseu unapangidwa wopendekera komweko kuti madzi azitsika. Koma ikamakoka mwamphamvu, bwererani.

Amene muli kutali ndi tauni mukhoza kukonza toe kwanu kuti mufike ku makina matayala asanaonongeke. Tengani tepi yopimira ndi mnzanu mmodzi. Lembani kacizindikiro ndi coko pakati pa tayala liri lonse, ca kumbuyo kwace, pa msinkhu wa pakati pa gudumu, ndipo mupime mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Kankhani galimoto kutsogolo kufikira zizindikirozo zitazungulira kudza kutsogolo pa msinkhu womwewo, mupimenso. Miyeso iwiriyo isasiyane koposa mamilimita 1 kapena 2, ndipo wocepa ukhale wa kutsogolo. Ngati chassis itsekereza tepi, tsitsani zizindikiro pang'ono, koma msinkhu ukhale umodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Potembenuza ndodo za ciongolero, pa galimoto ya mikono, tembenuzani mofanana mbali zonse ziwiri. Camber ndi caster zisiyireni makina.

Njira yomweyi igwira nchito pa ngolo ya ng'ombe. Ngolo zambiri m'midzi muno zinapangidwa ndi ekiselo ya galimoto yakufa, kapena ndi mitu ya magudumu yoocherera ku paipi. Woocherera akaphonya pang'ono, magudumu amakanganirana njira, ndipo amene alipira ndi khosi la ng'ombe. Mukaona ng'ombe zanu zitopa msanga pa njira yosakwera, ngolo irinkulira, pimani magudumu musanatenge mkwapulo.

Ndisanakhale pansi ndinene za kulemera, ngakhale ndidziwa kuti ena sakondwa nazo. Masipiring'i olimba aletsa galimoto kukhala pansi, koma saonjeza mphamvu ya mabuleki, ya ma bearing, ya matayala, kapena ya chassis. Kulemera kumene galimoto iloledwa kunyamula kunalembedwa pa kambale kaja, ndipo sikusintha cifukwa mwaonjeza tsamba. A RTSA ndi apolisi a pa mseu awerenga kambaleko, sawerenga masamba. Vaneti ya tani imodzi inyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo pamenepo mucotsepo kulemera kwa woyendetsa ndi onse okwera. Ya mipando ya kumbuyo inyamula ocepera pamenepo, ndipo popeza bodi lace lalendewera kuseri kwa ekiselo, ndaonapo zingapo zitapindika chassis kumbuyo kwa kanyumba, zitakhala ngati nthoci. Kale sipiring'i yofewa inali kukucenjezani poonetsa kuti galimoto yalemedwa. Yolimba siinena kanthu. Muziwerenga matumba pokweza, ndipo ulendo wa ku depoti ya Food Reserve Agency ukhale kawiri ngati matumba acuruka.

Mlimi uja tinamthandiza, koma sizinali zapafupi. Mabauti anai ozunguza aja anali atagwirana ndi mabushi cifukwa ca dzimbiri la zaka zambiri za kuoloka madambo, ndipo atatu mwa iwo tinacita kudula ndi sowo. Zimenezi zimacitika kawirikawiri, cotero pogula masipiring'i a galimoto yakale sungani ndalama ya mabauti ndi mabushi atsopano, ndipo powalowetsa muwapake girizi. Nditamuuza mtengo wa mikono yapamwamba anagwira pakamwa, nasankha kucotsa kacitsulo koonjezera kaja. Galimoto inatsika kufika pamene mabauti akwanitsa, ndipo manambala onse atatu analowa m'malo mwace. Ndinamuuza kuti abwerenso atayenda makilomita mazana ocepa, pakuti masipiring'i atsopano amayamba akhazikika, ndipo mabauti okumbatira ekiselo amafuna kumangitsanso ulendo woyamba wa katundu ukatha. Anabweradi, ndipo nati ziwiri za kumbuyo zinalandira sipanala pafupifupi theka la kuzungulira. Matayala awiri aja anawatengera kumudzi, nawaika pa ngolo.

Amene mwabwera ndi magalimoto, tepi ndi coko ndiri nazo pano. Tiyeni tipite panja tikayambe ndi vaneti yoyera ija yaima pafupi ndi mjigo.